Timbale ta Mkuwa Pakati pa Mapirogi

Lachiwiri, 21 Okutobala

Mphalapala yatichita chipongwe lero. Pikapu yathu yofiirira ija, imene mwamuna wanga Myron anaipatsa dzina ngati mwana wobereka yekha. Timachokera ku Dauphin kokaongola mkono ndi mwendo wake. Titangodutsa mlatho wa njanji ndinaona muvi wa kutentha wafika pofiira, kenaka nthunzi fwaa kutsogolo. Ndinaimika m'mbali mwa munda wa tirigu.

Ndimati nditsegule chivindikiro cha radiyeta, Myron n'kumenya ndodo yake pansi. "Ayi! Ayi!" Chichitireni sitiroko mu Meyi muja, mawu amene anabwerera bwinobwino ndi amenewo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi m'banja, ndipo pa mawu onse a pa dziko lino, Mulungu anasankha kumubwezera "ayi". Koma lero anandipulumutsa, ndikanakupuka nkhope.

Tinadikira kuti izizire. Kuthira madzi, kuyenda pang'ono, kuima, kuthiranso. Tafika pakhomo ngati maliro. Nditasuzumira pansi, madzi akudontha m'nthiti mwa injini, ofiira ngati tiyi wa dzulo.

Madzulo mwana wathu Danylo anaimba kuchokera ku Winnipeg. Ndi pakamwa pangapa, ndinamuuza.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mwana wangayo sagona tulo akapeza chifukwa. Waimbanso m'mawa.

"Mama, tamverani. Galimoto yafa. Chisanu chayandikira. Muli awiriwiri kutchire, Tato sangayende, sangayankhule. Kuchipatala muzipita pa chiyani, pa nkhuku?"

Akuti ku nyumba yosungirako okalamba pafupi ndi kwawo kwapezeka chipinda cha Tato, bambo akewo. Ine ndikakhale kwa iwo, pa chipinda chapansi, ndizikamuona Myron masana ngati mlendo. Akubwera Lamulungu pa 2 Novembala ndi ngolo, kudzanyamula Mphalapala kukaitaya kwa ogula zitsulo, ndiponso "kudzakambirana bwinobwino". Ndikudziwa tanthauzo la bwinobwino wakeyo.

Anawonjeza chapansipansi kuti mutu wa Tato mwina sukugwiranso. Ndinadula foni.

Sindikumuda. Amatikonda, mwamantha. Koma akamayankhula ndi bambo ake amakuwa, mawu amodziamodzi, ngati akuphunzitsa mwana wa galu kukhala pansi. Myron amangoyang'ana pawindo.

Ndinamuuza Myron zonse pa chakudya cha masana, osabisa. Anasiya supuni. Anadzuka, mwendo uku akuukoka, mpaka pakhomo, n'kuchotsa kiyi wa galaja pa msomali. Kiyi amene sindinamugwirepo chikwatiwire. Anandiponyera pa miyendo.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndalowa mu ufumu wa mdala. Fungo la oyilo ndi mbewa. Firiji yake yakale ya mowa ili pakona, inafa ali m'chipatala. Ndamuikira mpando wa m'khitchini pambali pa galimoto, bulangete pamiyendo. Ine chagada pa chikatoni, tochi kukamwa.

Tapangana chinenero. Ndodo kamodzi pansi, eya. Kawiri, ayi. Ikamenya kambirimbiri ndiye kuti ndine chitsiru.

Ndapeza podontha. M'mbali mwa injini muli mabowo ozungulira, otsekedwa ndi tizitsulo tokhala ngati timbale ta ana oseweretsa masanje. Tiwiri tadyeka ndi dzimbiri, kamodzi ndinakabaya ndi sikuludiraiva n'kuboola ngati chikondamoyo. Ndinamufunsa: "Si madzi a pachitsime aja umathiramo chilimwe chilichonse, poumira kugula obiriwira oteteza injini ku dzimbiri aja?" Anayang'ana kudenga. Patapita nthawi, ndodo kamodzi. Go. Ha! Ndalemba pano kuti lisaiwalike tsiku limene Myron anavomera kulakwa.

Masana ndinapempha mkazi wa neba kuti andiperekeze kutauni. Kusitolo ya zitsulo za galimoto, Orest anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lesia, ukufuna timbale ta injini? Akakuikire ndani?"

"Manja angawa."

"Iwe? Amakaniko amazula injini yonse kuti afike pamenepo."

"Ukugulitsa kapena ukulalikira?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ta mkuwa, tosachita dzimbiri, tifika Lolemba. Akuti wandionjezera tiwiri, "poti uwononga ndithu". Tinali kalasi imodzi ndi Orest ameneyu, ndipo masamu ankakopera kwa ine.

Loweruka, 25 Okutobala

Dzulo ndinakhetsa madzi onse ndi kumasula sitata kuti ndipeze mpata. Chitsulo chimenecho n'cholemera ngati mwana wa nkhumba, chinatsala pang'ono kundiphwanya mphuno. Ndachichotsa ndekha. Ndinachigoneka pa tebulo n'kuima kaye kuchiyang'ana.

Lero kuzula timbale takale. Myron anandionetsa ndi dzanja lamanzere pa chivindikiro cha botolo: kumenya m'mphepete kuti kambale katembenuke cham'mbali, kenaka kukakoka ndi pulayala. Koyamba kanatuluka bwinobwino. Ndinayamba kuimba. Kudzimva kunandikwera, kachiwiri ndinakamenya pakati penipeni, mwamphamvu. Phwi! Kanagwera m'kati mwa injini.

Ndodo inalira ngati ng'oma. Ndinatukwana mawu amene mayi anga akanandisambitsa nawo m'kamwa ndi sopo. Myron anasiya kumenya, ndipo ndinamva phokoso lachilendo. Amaseka. Mbali imodzi yokha ya nkhope, koma amaseka mpaka misozi.

Anandilozera kabati. Maginito omangirira ku waya. Ndawedza masana onse, zala zitachita dzanzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero agogo, koma iwo sanagonepo pa simenti yozizira. Pomaliza kanabwera pakamwa pa bowo, ndinakapana ndi pulayala, n'kukatulutsa kali mbee. Ndakaika pa windo la kukhitchini pafupi ndi maluwa.

Matope amene anatuluka m'mabowomo, odzaza chitini. Ndatsuka ndi payipi mpaka madzi kuyera.

Lamulungu, 26 Okutobala

Msana. Mapewa. Kutchalitchi sitinapite, tipita pa chiyani. Zikhadabo zakuda, sindinazitsuke kwambiri.

Lolemba, 27 Okutobala

Timbale tafika, Orest anapatsira wa positi. Tonyezimira ngati ndolo. Ndinatisiya pa tebulo la m'galaja m'kathumba kake, n'kutha tsiku ndikupala mabowo ndi sandipepa mpaka kusalala. Myron amapisa chala m'bowo lililonse limene angalifikire. Kawiri. Kupalanso. Kawiri. Kupalanso. Munthu ameneyu akanakhala woyang'anira pa chipata cha kumwamba, bwenzi kulibe wolowa.

Madzulo ndinatsegula firiji yaikulu ya pakhonde kuti nditenge mapirogi aja ndinaumba mwezi watha, timitanda ta ufa tokutira mbatata ndi tchizi m'kati. Pamwamba pa mapirogi, kathumba ka timbale.

Ndinaima chitsegulire mpaka manja kuzizira.

Namwino wa ku Dauphin anandiuza mu Juni, Danylo ali pomwepo: mukadzaona ayamba kuika zinthu malo osayenera, nsapato mu uvuni, kiyi m'shuga, mudzatiuze msanga, ndiye kuti mutu wayamba kusokonekera. Ndinalonjeza. Pamaso pa mwana wanga ndinalonjeza.

Ndatibwezera kugalaja mwakachetechete. Sindinamufunse. Mapirogi ndinawapsereza.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Tsiku la kuchipatala, taphonya. Anaimba kufunsa, ndinati galimoto ikukonzedwa. Si bodza.

M'mawa Myron anapeza timbale pa tebulo la m'galaja. Nkhope inasintha. Anatitenga, ulendo wa kunyumba, mwendo khwee khwee pa miyala. Ndinamutsatira. Anatsegula firiji ndi chigongono, n'kutiponyamo, n'kutseka, n'kutsamirapo ngati mlonda.

"Myron, umo ndi mwa chakudya. Izo ndi za galimoto."

"Ayi."

"Ukudziwa kuti ino ndi firiji?"

Mmene anandiyang'anira! Pakamwa pakugwedezeka, akufunafuna mawu, mawu osabwera. Mitsempha ya m'khosi njoo. Pomaliza anamenya chivindikiro ndi chibakera, n'kukagona chovala nsapato.

Ndinapita kukhola la nkhuku n'kulira kumeneko, poti nkhuku sizinena. Ngati Danylo akunena zoona, ndikulimbana ndi chiyani? Ndikonze galimoto kuti ndiziyendetsa munthu amene mawa sadzandizindikira? Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Masana iye ali mtulo ndinatengamo kamodzi, ndinakafunditsa m'thumba la epuloni kuti kachoke chisanu, n'kupita kukayesa ndekha. Kupaka gluu wake pang'ono m'mphepete, kukaika pa bowo, soketi pamwamba, hamala. Sikalowa. Kumenya kwambiri, kakulowa chopendekeka. Kumenyanso, kapindika ngati chipewa chokhalidwa. Ndavutika kukazula. Orest, wapambana kamodzi.

Danylo anaimba. "Tato ali bwanji?" Ndinati ali bwino. Ili ndiye bodza kapena ayi, sindikudziwa.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndilembe bwinobwino, ndisadumphe kanthu.

Sitinayankhulane pa kadzutsa. Ndinapita kugalaja ndekha, n'kugona pa chikatoni changa, kumangoyang'ana mabowo. Ndinamva khwee khwee. Myron, atavala jekete mbali imodzi, wakumbatira thumba la mapirogi owuma gwa pachifuwa, ndodo m'dzanja lomwelo. Mmene anatsikira masitepe osagwa akudziwa ndi Mulungu. Anakhala pampando. Anapisa m'thumbamo, pakati pa mapirogi, n'kutulutsa kambale kamodzi koyera ndi chisanu. Anandilozera gluu. Ndinapaka pa bowo. Anandipatsa kambaleko, n'kuyamba kumenya ndodo mofulumira, go go go go, osati ya chitsiru ija, ina. Ya fulumira.

Ndinati mumtima, chabwino, ndimusangalatse, tiwononge kachiwiri. Kanandimata zala ndi kuzizira. Pa bowo, soketi, hamala. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu kanalowa myaa, mowongoka, n'kukhala m'malo mwake ngati kanabadwira momwemo.

Kenaka ndinayang'ana mphete yanga. Chilimwe imakana kuvuka, koma mu Januwale, chisanu chikafika pachimake, ndimaivula ndikamakanda ufa poopa kuti igwera mu mtanda. Chozizira chimanyala. Kambale kozizira kamalowa mosavuta, kakafunda n'kufufuma, n'kugwira bowo zolimba. Ndipo ine dzulo ndinachita kukafunditsa m'epuloni ngati dzira!

Ndinatulutsa mutu. "Firiji yako ya pakonayi. Sinali ya mowa wokha?"

Go. Kamodzi. Mwamphamvu.

"Ndiye poti inafa, unapita ku yanga."

Go.

Galu wamkota sakandira pachabe. Masiku awiri ndakhala ndikulira maliro a mutu wa munthu amene mutu wake ukugwira kuposa wanga. Ndinadzuka, oyilo yense uja, n'kumugwira makutu onse awiri, kumupsompsona pa dazi. Anati "ayi", koma yofewa. Kenaka ndodo, fulumira, timbale tikufunda.

Tagwira ngati anthu a pa fakitale. Iye kusunga thumba pamiyendo ndi kutulutsa kamodzikamodzi, ine kupaka ndi kukhoma. Ka kuseri kwa chitsulo chogwira injini kanandivuta, hamala yosapeza potembenukira, ndinachita kulumikiza soketi ku chitsulo chachitali n'kumenyera patali. Nzeru imeneyo ndi yanga, iye sanandiuze. Anaiyang'ana, anaganiza, go.

Timbale tonse talowa. Katsala kamodzi, ka Orest kaja. Ndakabwezera ndekha m'firiji.

Mapirogi anasungunuka, tadya onse. Iye khumi ndi awiri.

Lachinayi, 30 Okutobala

Kubwezera sitata n'kovuta kuposa kuchotsa. Ndinaigwira ndi bondo. Gluu aume kaye, watero bwana ndi ndodo yake.

Ndaimbira Orest kuti anditumizire madzi obiriwira, zigubu ziwiri. "Wawononga tingati?" Ndinati kamodzi. "Bodza!" Ndinati ubwere udzawerenge, ubwere ndi magalasi ako.

Lachisanu, 31 Okutobala

Kwagwa chisanu choyamba chenicheni, udzu mbuu. Tathira madzi obiriwira, osati a pachitsime, ndipo ndinathira ndikumuyang'ana m'maso. Ndinayala chikatoni chatsopano pansi pa injini kuti dontho lililonse lioneke.

Kiyi. Inakhosomola, inakhosomolanso, n'kudzuka. Mphalapala! Galaja yonse kunjenjemera. Tinaisiya ikulira mpaka itatentha, ine maso pa muvi, iye maso pa chikatoni. Muvi unakwera mpaka pakati n'kuima pomwepo. Chikatoni chouma.

Tinapita mpaka pa mlatho wa njanji paja inatichitira manyazi, n'kubwerera. Ndinaliza hutala podutsa kwa aneba popanda chifukwa. Pobwera ndinakwawiranso pansi ndi tochi, kupisa chala pa kambale kalikonse. Gwa. Ndine Lesia, wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, amene mpaka sabata yatha ndinkadziwa pothira petulo pokha.

Ndaimbira achipatala kuti Lachiwiri atiyembekezere. Danylo sindinamuuze. Abwere ndi ngolo yakeyo.

Loweruka, 1 Novembala

Chikatoni chouma. Ndapita kukaona kanayi. Ndaumba mapirogi ena, thumba lija linatha.

Lamulungu, 2 Novembala

Anafika tisanadye nkhomaliro, ngolo yobwereka ikugubuduka kumbuyo, atavala buluku la kuofesi. Anapeza Mphalapala ili pabwalo ikulira, Myron atakhala kutsogolo ngati nduna.

"Mwaitana ndani?"

Ndinamuonetsa manja.

Anazungulira galimoto, anagwada, anasuzumira, anadzuka. "Mama, inu?" Ndinati ine ndi bambo ako. Anamwetulira momvera chisoni, kumwetulira kumene ndimadana nako kuja, n'kupita pa windo. "TATO! MULI BWANJI? MWA-DYA?" Myron anayang'ana kutsogolo.

Pa tebulo Danylo anayamba bwinobwino wake uja. Galimoto mwakonza, chabwino, ndanyadira, koma nkhani si galimoto yokha. Chipinda sachisunga mpaka kalekale. Myron anadzuka n'kubwerera kugalaja. Ndinati Danylo, kanditengere mapirogi m'firiji, ena upite nawo kwa ana.

Kunena zoona ndinali nditaiwala za kambale kaja. Ndinakumbuka nditamva kuti pakhonde pati zii.

Anabwera atakaika pa chikhatho. Nkhope ngati ya namwino uja. "Mama. Ichi chinali m'mapirogi. Ndi Tato aika?"

"Poyamba ndi iwo. Ako ndaika ndine."

Anatsegula pakamwa kuti anene zimene anabwera nazo. Koma kanayamba kumuluma ndi kuzizira, anakasinthira dzanja lina, n'kukafumbata. Anakhala choncho. Ndinaona nkhope ikusintha pang'onopang'ono.

"Firiji ya m'galaja," anatero. "Ankandituma. Amati thamanga, Danylo, chisanafunde, ukachigwira nthawi yaitali ndikupotokola khutu." Anakhala pansi. "Anakumbuka okha zimenezi?"

"Ine ndinkatitulutsa, ndimayesa apenga. Anachita kulondera firiji."

Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja ngati ali mwana. Kenaka anati mawa awaimbira a kunyumba kuja kuti chipindacho apatse wina. "Tione kaye chisanu chino," anatero, kuti asaoneke wogonja kwambiri. Ndinamusiya, ndi mwana wa bambo ake.

Anatuluka, ine pambuyo. M'galaja anakoka ndowa n'kukhala pafupi ndi mpando wa Myron. Anayankhula ndi mawu wamba, a munthu ndi munthu, koyamba chichokere Meyi.

"Tato, galimoto yanga ija ikumalira kutsogolo ndikamakhota. Ngati chikugogoda. Mungaimvere?"

Myron anamuyang'ana nthawi yaitali. Go.

Danylo anaibweretsa pakhomo pa galaja, anamasula ngolo, anaikweza pa jeke. Anatenga chikatoni changa, n'kuyamba kugwada ndi buluku lake la kuofesilo.

"Ayi."

Ndodo inamugunda pachifuwa. Inachoka, inaloza tochi pa tebulo, inabwerera kwa iye. Kenaka inatembenuka n'kuloza ine. Pakamwa pa Myron panagwedezeka, panalimbana, mitsempha njoo.

"Le-sia."

Danylo anatenga tochi. Ine ndinavula epuloni.